Dyness ndi Mzere wa Fakisi

Inu amene mwakhala manja ali m'khosi lero, mukuti dziko lakutayani, tasenderani kuno. Ndili ndi nkhani ya Dyness Mphande wa ku Nkhata Bay.

M'chaka cha 2003 Dyness analephera mayeso a Fomu 4 kachiwiri. Sikunali kuterereka chabe ayi, kunali kugwa chagada. Tsiku limene zotsatira zinamatidwa pakhoma la sukulu, iye anayendetsa chala pamndandanda katatu konse, kuchokera pamwamba mpaka pansi, dzina lake osalipeza. Anzake ankalulutira ndi kukumbatirana. Iye anatsika chitunda yekhayekha, misozi ili chuchuchu.

Kunyumba kunalibe womupukuta misoziyo. Mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 5. Bambo ake anapita ku Joni iye akukwawa, ndipo anatchona, osatumiza ngakhale kalata imodzi. Ankakhala ndi azakhali ake, mayi wosabisa mawu.

"Mutu wakowo si wa sukulu," anatero azakhaliwo. "Beseni ilo apo. Mawa uyambe kugulitsa chinangwa chokazinga kudoko."

Anayambadi. Dzuwa la ku Nkhata Bay mumalidziwa inu? Limaotcha ngati unalilakwira. Koma chowawa kuposa dzuwalo chinali kuona anzake a m'kalasi akukwera minibasi ya ku Mzuzu, masutikesi ali m'manja, ulendo wa kukoleji. Akawaona ankadziphimba kumaso ndi chitenje.

Chinangwacho ankakulunga m'mapepala otayidwa a kampani yonyamula katundu ya a Mackford Chavula, imene inali kufupi ndi doko. Anali mapepala otuluka mu kompyuta, aja a timabowo m'mbali. Tsono Dyness anali ndi kakhalidwe kotopetsa ogula: asanakulunge chinangwa, ankayamba wawerenga pepalalo. Munthu njala itamugwira, iye maso ali papepala, maganizo ali kutali.

Tsiku lina wogula anali a Yoram Longwe, bambo wa imvi amene anagwirapo ntchito ya makompyuta kumigodi ya ku Zambia asanabwerere kwawo. Ndiwo ankayang'anira makina a kampani ya a Chavula.

"Iwe mwana, chinangwa changa chizizira. Ukuwerenga chiyani pamenepo?"

"Pepani, ada. Papepalapa akuti makina osokera akupita ku Ruarwe. Ndimangoganiza ngati anafika."

A Yoram anakamunenera kwa a Chavula. Sabata yotsatira Dyness anali pantchito kukampaniko. Musaganize zapatali, inali ntchito yosesa ndi kukolopa.

Kampaniyo inkayenda motere. Anthu a ku Nkhata Bay ogwira ntchito ku Joni ankatumiza katundu kwa abale awo: njinga, malata, matiresi, mawailesi. Malole a a Chavula ankatula katunduyo m'nyumba yosungiramo, ndipo kuchokera pamenepo sitima ndi maboti zinkamupititsa kumidzi ya m'mphepete mwa nyanja kumene msewu sufika. Dzina la aliyense wotumiza ndi wolandira linkasungidwa mu seva, chimakina chakuda chotalika ngati fuliji, chimene a Chavula anachigula chogwirapo kale ntchito ku kampani ina ya tiyi. Makompyuta onse a makalaliki ankayamwa kwa chimenecho.

Chipinda cha sevayo chinali chozizira bwino, ndipo Dyness ankachisesa mochedwa dala. Chimakinacho chinkang'ung'uza nyimbo imodzimodzi tsiku lonse, ndipo pa sikirini yakuda pankayenda zilembo zobiriwira: Usisya, Ruarwe, Chizumulu, Likoma. Iye anali asanakwerepo sitima chibadwire, koma atatsamira tsache pamenepo ankafika konseko. Ankaona njinga ikutsitsidwa m'boti, anthu ataisenza pamutu, madzi ali m'chiuno. Ankaona mayi wina akumasula chingwe cha katoni, ana atamuzungulira. Nthawi zina ankalota ali maso kuti tsiku lina padzatuluka dzina lake ngati wolandira, wotumiza nakhala bambo ake. Dzinalo silinatuluke, koma iye sanasiye kuwerenga.

"NyaMphande," anatero a Yoram tsiku lina, "tsachelo lizika mizu m'manja mwako. Khala pampandopo ndikuonetse."

Anayamba ndi matepi. Tsiku lililonse asanaweruke ankakopera zonse za mu seva pa tepi, kuti zikadzavuta pakhale pothawira. Kenako anabwera malamulo a Chingerezi oyankhulira ndi makinawo. Mabuku ake anali atatu, onenepa ngati njerwa. Mtsikana amene analephera Chingerezi kawiri ankawerenga tsamba limodzi patsiku, nthawi ya nkhomaliro, dikishonale ili pambali. Analakwitsa kangati? Musafunse n'komwe. Tsiku lina anatumiza ku pulinta mapepala mazana atatu opanda ntchito, a Yoram anamukalipira mpaka makutu kuwawa, iye anakalirira kuseri kwa nyumba. M'mawa mwake anabweranso ndi funso lina.

Pa zonse zimene anaphunzira, chimene ankachikonda kwambiri chinali mzere wa fakisi. Imani ndikufotokozereni. Pulogalamu ya mu sevayo anailemba anthu akunja, amene amayesa kuti munthu aliyense ali ndi nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Nanga ku Ruarwe kuli msewu wanji? Komanso kumudzi mayi sadziwika ndi dzina laubatizo. Ukafunsa Getrude Mhone anthu amangokuyang'ana, koma ukati NyaMhone wa mapasa, aliyense akulozera. Tsono a Yoram ataona kuti pa dzina lililonse pali mzere wolembapo nambala ya fakisi, makina otumizira makalata pa lamya, chinthu chimene msodzi alibe nacho ntchito, anauza makalaliki kuti azilembapo njira. "Tsikirani pamwala woyera, funsani NyaMhone wa mapasa." "Kuseri kwa tchalitchi, nyumba ya chitseko chabuluu." Mawu amenewa ankatuluka pansi pa kapepala komata pakatundu, ndipo oyendetsa maboti ankawerenga amenewo basi.

Zaka zinayi zinadutsa. Maso a a Yoram anachita ng'ala, ndipo Dyness ndiye anakhala maso awo. Iwo ankangokhala pakona n'kumanena, iye n'kumalemba. Patapita nthawi anasiya n'kunena komwe, chifukwa zala za mtsikanayo zinkafika iwo asanamalize mawu. Koma m'kaundula wa kampani anali wosesa ndithu.

Mu 2007 kunabwera kalata. Opanga makinawo anati sisitimu yakale, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse mu seva, yatha nthawi yake, ndipo ikadzavuta sadzaikonzanso. Panafunika seva yatsopano, sisitimu yatsopano, ndi kusamutsa zonse kuchoka m'yakale kulowa m'yatsopanoyo. A Chavula anaitanira awiriwo mu ofesi yawo.

"A Longwe, inu mukupuma, tinagwirizana kale. Makina atsopanowa akufunika munthu wa mapepala, ndipo ndayamba kale kufunafuna ku Mzuzu. Chipindacho chizikhala chokhoma." Anatembenukira kwa Dyness. "Iwe watithandiza, koma wosesa m'menemo sadzafunikanso. Akamaliza kusamutsa Lachisanu, ntchito yako yathera pomwepo."

"Abwana," anatero a Yoram, "mwanayu makinawa amawadziwa kuposa ine."

"Ali ndi pepala?"

Dyness anangoti, "Yewo, abwana," n'kutuluka. Zinamuwawa, ndisakubiseni, zinamuwawa kuposa tsiku la zotsatira lija, chifukwa ulendo uno ankadziwa kuti mutu wake ukugwira. Anatsala ndi masiku anayi m'chipinda chimene chinamulera.

Katswiri wosamutsa anachokera ku Blantyre, dzina lake Cyrus, bambo wa tayi ndi kachikwama ka laputopu. Anafika sitima itangonyamuka, chifukwa ntchito yotere imafuna masiku amene katundu sakuyenda, kuti sitima ikamabweranso kumapeto kwa sabata zonse zikhale zitatheka. Sanali munthu woipa ayi. Anali munthu wa buku: chimene buku lanena, iye amachita chomwecho, osaonjezera, osachotsera.

Lachiwiri anakopera zonse pa matepi. Lachitatu anaika sisitimu yatsopano mu seva yatsopano, kabokosi kofika m'bondo kosalira n'komwe. Kenako analumikiza makina awiriwo ndi chingwe, maina nayamba kuoloka. Dyness ankabweretsa tiyi n'kuima pakhomo, maso ali pa kachingweko. M'maganizo mwake ankaona midzi yonse ija ikuyenda pamenepo mondondozana, Usisya patsogolo, Chizumulu pambuyo, mayi aliyense mtolo uli pamutu, kusamukira kumalo kumene sanafikeko.

Lachinayi m'mawa Cyrus anaomba m'manja. "Zatheka, bwana. Maina 11,406 anatuluka, 11,406 alowa, palibe lotsala. Mawa tifufuta zonse m'yakaleyi, ndiitenge ku Blantyre monga tinapanganirana."

A Chavula anamwetulira mano onse kuonekera.

Nthawi ya nkhomaliro, anthu atatuluka, Dyness anakhala pa kompyuta ya kalaliki wina. Sankafufuza cholakwa ayi. Ankangofuna kutsanzika midzi yake, kuiona m'nyumba yake yatsopano asanachoke. Analemba dzina la Getrude Mhone. Dzina linabwera, mudzi unabwera, koma pamzere wa fakisi panali mbee, popanda ngakhale kadontho. Anayesa dzina lina, chimodzimodzi. Dzina lachitatu, lachinayi, lakhumi, ponseponse mbee.

Chinachitika n'chakuti pulogalamu yatsopanoyo inkalola manambala okha pamzere wa fakisi. Mawu onse inawataya mwakachetechete, osadandaula. Matepi akale sakanathandiza, chifukwa seva yatsopano sinkawerenga matepi a mtundu umenewo. Yakale ikangofufutidwa, njira za zaka khumi zapita.

Pamenepo kamawu kena kanayamba kumunong'oneza: "Zikukukhudza chiyani iwe? Si akuchotsa? Asiye, aone okha sitima ikabwera." Kamawuko kanali kokoma, eee, kokoma zedi. Koma atatsinzina anaona njinga itaima yokha pamchenga, boti likubwerera, mwini wake ali kuseri kwa phiri osadziwa kanthu. Anapita pakona pamene a Yoram ankawodzera n'kuwauza zonse.

"Ada, kawauzeni inu. Ine sandimvera."

"Waona ndiwe, mwana wanga. Wonena ukhalenso iwe."

Cyrus atabwerera, Dyness anaima pambali pake.

"Achimwene, pepani, pali chimene chatsala."

Cyrus sanadzutse n'komwe mutu. "Achemwali, manambala agwirizana. Chotsala ndi makapu a tiyi awa basi."

"Mzere wa fakisi sunaoloke."

"Ndinauona umenewo. Munali zinyalala zokhazokha, mawu m'malo mwa manambala. Sisitimu yazitaya yokha, ndipo yachita bwino."

A Chavula anamva mawuwo ali pakhomo. "Dyness, usandichititse manyazi pamaso pa mlendo."

Mwana wina akanathawira kuseri kwa nyumba. Dyness anasindikiza kapepala kamodzi ka m'sisitimu yatsopano, nati, "Abwana, ndikupempha mphindi zisanu zokha. Mawa ndikupita ndithu, koma tiyeni kosungira katundu."

Kumeneko kunali njinga yatsopano, ikadali m'mapulasitiki ake, ndipo onyamula katundu anali atakhala pamatumba kupumula. Dyness anapereka kapepala kaja kwa Cyrus.

"Achimwene, njinga iyi ikupita ku Ruarwe. Tiyerekeze kuti woyendetsa boti ndinu. Pepala lanu ndi ilo. Mukaipereka kwa ndani?"

"Kwa Getrude Mhone. Si uyu walembedwa apa?"

Onyamula katundu aja anafa nacho chiseko. Mmodzi wa iwo, akupukuta misozi, anati, "Bwana, a Getrude Mhone ku Ruarwe alipo anayi, ndipo palibe amene amayankha dzina limenelo. Njingayo mudzabwerera nayo, apo ayi mudzasiya nkhondo pamudzi."

Dyness analoza kapepala kakale kamene kanamatidwa pachishalo. Cyrus anawerama n'kuwerenga za mwala woyera ndi mapasa. Anawerenganso kachiwiri, kenako anamasula tayi. A Chavula nawonso anasendera kuti aone. Iwo anali munthu wa malole, wa kumtunda. Timapepalato ankationa tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi, koma anali asanafunsepo kuti mawu apansiwo amagona pati m'makina.

"Ndalakwa," anatero Cyrus. "Buku silinandiuze zimenezi."

"Zingakonzeke?" anafunsa a Chavula.

"Pulogalamu yatsopano ili ndi mzere wa ndemanga, umenewo umalandira mawu. Vuto ndi kutulutsa mzere umodzi wokhawo m'chimakina chakalecho. Sisitimu yake ndi yamakedzana, malamulo ake ine sindiwadziwa bwino. Ndiimbe ku Blantyre, mwina sabata yamawa angatumize munthu."

"Sitima sidikira sabata yamawa!"

A Yoram anali atawatsatira pang'onopang'ono, akupapasa khoma. "Musaimbe kutali," anatero. "Mwana uyu amacheza nacho chimakinacho tsiku lililonse."

Ndi mmene Dyness anakhalira pampando waukulu, anthu atatu ataima kumbuyo kwake. Lamulo loyamba analakwitsa, makina anakana. Lachiwiri linakananso, ndipo anamva a Chavula akupumira m'mwamba. Anatseka maso, naona tsamba la buku lija, pamene panadonthera tiyi chaka chatha, nalemba kachitatu. Zilembo zobiriwira zinayamba kutsika ngati mvula. Magetsi anazima pakati pa ntchito, monga mwa masiku onse, jenereta inalira, iwo anayambiranso. Pofika nthawi yoweruka njira zonse zinali zitaoloka.

Mukuti zathera pamenepo? Ayi ndithu.

Lachisanu m'mawa Cyrus anali wokonzeka kufufuta, galimoto itaima kale pakhomo. Dyness anapempha ola limodzi loti awerenge. Sankawerenga manambala, ankawerenga njira zenizenizo, imodziimodzi, monga ankachitira ndi mapepala a chinangwa. Anadutsa ku Usisya, anatsikira ku Likoma, bwinobwino. Atafika ku Chizumulu anapeza njira ina yakuti, "Pamtengo wa mlambe, funsani mkazi wa," basi, mawu n'kuthera pomwepo.

Mkazi wa ndani? Anabwerera ku seva yakale, nafufuza dzina lomwelo. Zinapezeka kuti kalaliki wina, amene anasiya ntchito kalekale, anali wa mawu ambiri. Mzere wa fakisi ukadzaza, iye ankapitiriza pamzere umene unali pansi pake, wa telekisi, makina enanso akale otumizira uthenga. Ngakhale a Yoram zimenezi sankazidziwa. Maina oposa mazana asanu ndi limodzi anali ndi njira zoduka pakati.

Cyrus anachotsa dzanja pa kompyuta ngati wagwira mbaula. "Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndikanafufuta."

Anasamutsanso mzere wa telekisi, nalumikiza njira zodukazo. Dzuwa lili pamutu, Cyrus anatembenuka. Sanayang'ane kwa a Chavula, anayang'ana kwa Dyness.

"Achemwali, ndifufute?"

Dyness anawerenganso maina makumi awiri, kenako anati, "Fufutani."

Patapita kanthawi nyimbo ija ya chimakina chakale inaleka. M'chipindamo munachita bata lachilendo, ndipo Dyness anamva chisoni ngati waperekeza mnzake. Anaimirira kuti akatenge kachikwama kake, popeza Lachisanu linali litakwana.

"Bwana, chatsala chinthu chimodzi," anatero Cyrus. "Seva iyi imafuna dzina la munthu mmodzi woiyang'anira, wokhala ndi mphamvu pa zonse za m'menemo. Ndilembe ndani? Kapena tidikire wa ku Mzuzu uja?"

A Chavula anakanda chibwano. Anayang'ana kabokosi katsopanoko, anayang'ana pansi, anayang'ananso mtsikana amene anali ataima pakhomo kachikwama kali m'manja. Kuvomera kuti unalakwa si masewera, makamaka pamaso pa antchito ako.

"Wa ku Mzuzu akanafufuta kale," anatero pomaliza. "Lembani Dyness Mphande."

Cyrus analemba, naimirira, nakokera mpando kwa Dyness. "Khalani, achemwali. Lembani pasiwedi yanu, mawu achinsinsi otsegulira makinawa." Kenako anati kwa a Chavula, "Bwana, tembenukani. Mawu amenewa saonedwa ndi munthu wina aliyense, ngakhale mwini kampani."

Ndipo a Mackford Chavula, mwini malole asanu ndi awiri, anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma, manja ali kumbuyo. Cyrus anatembenuka. A Yoram nawonso, amene maso awo sankaona ngakhale sikirini yomweyo, anatembenuka ndi mpando wawo womwe, mapewa akugwedezeka ndi kulira. Dyness anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje kuti aone zilembo, ndipo analemba.

Abale anga, ine sindikulonjezani kuti mawa abwana anu atembenukira kukhoma chifukwa cha inu. Koma pamalo pamene mulipo, kaya ponyozeka chotani, pali kanthu kamene inu mumakaona ena osakaona, kamene odziwa amakayesa zinyalala. Kaphunzireni mpaka pansi pake. Tsiku lake likadzafika, tsegulani pakamwa ngakhale mawu akunjenjemera. Zina zonse zikhoza kukutayikani, koma mtima wokhawo gwiritsitsani, musautaye.